Palibe Anandiitana ku Citywest

Santry, zaka zoyambirira

Thoko ndi Mada, ndikudziwa kuti muwerenga izi pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, kenako mundiimbira foni n'kufunsa m'Chingerezi kuti mawu akutiakuti akutanthauza chiyani. Palibe vuto. Ndalemba dala m'Chichewa kuti muziimba.

Ntchito yanga yoyamba m'dziko muno inali ya m'weyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ku Santry, kufupi ndi bwalo la ndege. Ndisanabwere kuno ndinagulitsa kaunjika ku Limbe zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sukulu yanga yeniyeni inali imeneyo. Kumeneko ndinaphunzira kuti mtengo woyamba ndi moni chabe, wachiwiri ndi kufunsana za kunyumba, ndipo malonda enieni amayamba munthu akatembenuka kuti azipita. Ukayenda masitepe atatu, mwini katundu amakuitana. Ku Santry nzeru zimenezi zinalibe ntchito, chifukwa katoni sinenerera. Umangoinyamula, kuiika pa shelefu, n'kukatenga ina. Kapitawo wathu anali munthu wamfupi wosaseka, amene ankaona kucheza pa ntchito ngati kuba. Anandigwira kangapo ndikunyengerera madalaivala a malole kuti atsitse okha katundu, ine ndiwafulire tiyi. Ankangopukusa mutu n'kunena kuti, “Banda, pakamwa pakopo pakanakhala fokolifiti yonyamulira makatoni bwenzi tonse tili kunyumba pofika masana.” Ndinagwira kumeneko zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka kampani inasamukira kwina n'kutisiya ndi makalata othokoza.

Zaka ziwiri za dolo

Dolo ndi ndalama ija boma limapereka kwa munthu wosowa ntchito. Ndinaidya zaka ziwiri, ndipo sindinaikonde ngakhale sabata imodzi. Amayi anu ankadzuka kukasamalira okalamba, ine n'kutsala ndi mbale ndi wayilesi. Abale akaimba kuchokera kumudzi ndinkawauza kuti ndili pa tchuthi chachitali. Mlamu wanga anafika pofunsa kuti, “Kodi alamu, tchuthi chimenechi n'cha uchembere?”

Kenako kunabwera kalata. Boma linali litasintha lamulo. Aliyense amene wakhalitsa pa dolo ankayenera kukaonana ndi mlangizi wa ntchito, ndipo wojomba ankamudulako ndalama. Lamlungu limenelo tikutuluka mu Misa, nkhani inali yomweyo. Ena ankati akufuna kutichotsa tonse, ena ankati akutitumiza kokathyola bowa. Ine ndinavala jekete ya ukwati n'kupita ku ofesi ya ku Mulhuddart, nditakonzeka kunenerera moyo wanga.

Mlangizi wake anali mayi wamtali wa magalasi, dzina lake Deirdre. Anandifotokozera kuti lamulolo silinali chikwapu chokha. Linkakupezera kosi, kukulembera sivii, kukuperekeza kwa mabwana, ndipo ukayamba ntchito silinkakulanda msanga khadi ya kuchipatala kapena thandizo la ana. Kenako anati ndiyambe kosi ya kompyuta masiku asanu pa sabata. Ine ndinati awiri. Iye anati anayi. Ndinadandaula za msana, ndinatchula za mabasi, ndinaimirira kamodzi ngati ndikupita. Titamaliza ndinali ndi masiku atatu, tikiti ya basi, ndi nsapato za pa ntchito zimene sindinkazifuna n'komwe. Deirdre anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Bambo Banda, nsapato mukaphunzira nazo kompyuta?”

“Ayi mayi. Koma zinali pa tebulo.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, “Muno tili ndi anthu odziwa kulemba mafomu. Wodziwa kugogoda pa kampani n'kutulukamo ndi ntchito tilibe. Malizani kosiyi mudzandione.” Umu ndi mmene bambo anu analowera ntchito yothandiza anthu kuchoka pa dolo. Anachita kunenerera nsapato.

Mulhuddart, chaka choyamba ndi chachiwiri

Ofesi yathu inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Tinali anthu asanu, makompyuta atatu, ndi pulinta imodzi imene inkagwira ntchito ukaimenya kumanzere. Chipinda chokambiramo zachinsinsi chinali chimodzi, ndiye chikadzadza tinkakambira pa masitepe. Galimoto kunalibe. Ndinkayenda pa basi ndi pansi m'mapaki a makampani aja, ambulera m'manja, kugogoda chitseko ndi chitseko. Akuluakulu a ku likulu ankafuna manambala mwezi uliwonse, kuti talowetsa angati ntchito, ndipo Deirdre ankatitchinjiriza kwa iwo mmene akanathera.

Ntchitoyo ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba. Inali kaunjika yemwe uja, kungoti tsopano ndinkagulitsa luso la anthu, ndipo katundu wanga ankatha kundiyankha. Anthu a kwathu ndiwo ankandivutitsa kwambiri. Munthu woti wamanga nyumba makumi awiri, bwana akamufunsa ngati amadziwa kumanga, ankayang'ana pansi n'kunena kuti amangoyesako. Ndinkawatsekera m'kachipinda kaja n'kuwauza kuti, “Achimwene, ulemu umenewo mukausiye pa basi, mudzautenga pobwerera. Muyang'aneni m'maso bwanayo, si apongozi anu.” Ambiri analowa ntchito. Ndinayamba kutchuka, ndipo choipa kwambiri, ndinayamba kukhulupirira zimene anthu ankanena za ine.

Chaka chachitatu, mwezi wa Novembala

Mayi Esnart Tembo anali wa ku Zambia, telala wa ku Lusaka. Amuna awo anamwalira kuno, n'kuwasiya ndi ana awiri a ku pulayimale, ndipo anali atakhala pa dolo zaka zisanu. Sanali aulesi. Vuto linali nthawi. Sukulu inkaweruka hafu thuu, ndipo analibe womusiyira ana. Tsiku loyamba anakhala pa mpando, chikwama pa miyendo, osandilola n'komwe kumaliza moni.

“Ba Banda, namvela kuti imwe ba ku Malawi mukonda kukamba maningi. Ine nifuna chabe chinthu chimozi. Nchito yamene izanilola kutenga bana ku sukulu. Zinangu sinifuna.”

“Mayi, mwafika pa sitolo yoyenera.”

“Tizaona.”

Nthawi inali yochepa. Akapanda kupeza malo isanafike Khirisimasi, fayilo yawo inkapita ku gulu lina kumene ntchito zambiri zinali za mashifiti m'maweyahausi. Ntchito yotero sakanaitha, ndipo kuikana kukanawadulitsa ndalama ya ana. Ndiye ndinayenda masabata atatu mpaka ndinapeza kakampani ku Citywest kosoka ndi kukonza makatani ndi mayunifomu a m'mahotela. Mwini wake anali Declan, bambo wonenepa wa tsitsi loyera, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Ndinamuonetsa zithunzi za masuti ndi madiresi amene Mayi Tembo anasoka. Anaziyang'ana bwinobwino, mpaka kukulitsa chithunzi kuti aone msoko.

Poyamba anati eyiti mpaka faifi. Ndinaseka mwaulemu n'kumufotokozera za ana. Anakanda mutu, anayang'ana kalendala, kenako anati, “Chabwino. Naini mpaka thuu, masiku asanu. Ayambe Lolemba.”

Ana anga, zimenezo ndi zomwe Mayi Tembo anapempha, ndendende. Munthu wanzeru akanagwira dzanja la Declan n'kuthawa asanasinthe maganizo. Koma uwo unali mtengo wachiwiri, ndipo chibadwire ine sindinalandirepo mtengo wachiwiri. Ndinkafuna kapulayizi pamwamba, kaja wogulitsa amakuikira ukagula tomato. Ndinati ayambe hafu naini, ndipo Lachisanu aziweruka wani koloko. Declan anati zimenezo n'zovuta. Ndiye ndinachita zimene ndinachitapo kambirimbiri ku Limbe. Ndinapinda mapepala anga, kuimirira mwachisoni, n'kunena kuti, “Basi bwana, tikayesa kwina. Alipo ena akuwafuna mayiwa.” Kunalibe wina aliyense.

“Chabwino, palibe vuto,” anatero Declan. “Zikomo pobwera. Muyende bwino, kunja kukugwa mvula.” Ananditsegulira chitseko.

Ndinayenda masitepe atatu aja. Zii. Ndinafika pa resepishoni n'kuima kuti ndiwerenge chikwangwani cha zozimitsira moto, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Palibe anandiitana. Panja ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato. Ndinayenda pang'ono, n'kumanga cha inayo. Pakati pa malo oimika galimoto ndinamasula choyamba chija n'kuchimanganso. Mvula inkalowa m'khosi, khutu lili kumbuyo ngati la galu. Ndinazindikira ndili pa siteji ya thiramu, kasitima koyenda mumzinda, ndanyowa mpaka kabudula wamkati, ntchito ya mayi wamasiye nditaisiya pa tebulo chifukwa cha theka la ola.

Tsiku lotsatira

Pa fomu yathu panali kabokosi kolembedwa kuti bwana wakana. Tinkakachonga tsiku ndi tsiku, ndipo palibe ankafunsa. Ndikanakachonga, mbiri yanga ikanatsala yoyera, Mayi Tembo akanati ndinayesetsa, ndipo fayilo yawo ikanapita ku mashifiti. Ndinakhala ndi cholembera m'manja m'mawa wonse. Ndinadziuza kuti Declan anakanadi, kungoti anakana zimene sanapemphedwe ndi mwini wake. Ndinadziuza kuti ndiwapezera kwina. Koma ndinali nditayenda masabata atatu, ndipo ndinkadziwa kuti kwina kulibe.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndinaimbira amayi anu, poganiza kuti andimvera chisoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “A bambo a Thoko, mwatchova juga ndi chakudya cha ana a eni ake. Ngati mukufuna woti akuuzeni kuti muname, mwaimba nambala yolakwika. Ndili ndi agogo oti ndiwasambitse.” Anadula.

Ndinalowa kwa Deirdre n'kumuuza zonse, ndi za zingwe za nsapato zomwe. Sanaseke. Anati, “Anthu amenewa si ako, Banda. Sungaike pachiswe chinthu chimene mwini wake sanakulole. Ndilemba chenjezo m'fayilo yako, ndipo ukawauza wekha.” Chenjezolo linakhala m'fayilo yanga mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito, ndipo ndi pepala lokhalo m'menemo limene linanena zoona zokhazokha za ine.

Mayi Tembo anabwera thuu koloko isanakwane, ali ndi changu chokatenga ana. Kachipinda kanali kodzadza, ndiye ndinawauzira pa masitepe, fungo la matayala likukwera. Ndinayamba ndi mawu ambiri. Anandidula.

“Anavomela naini mpaka thuu?”

“Anavomera, mayi.”

“Masiku faifi?”

“Asanu.”

“Manje imwe munakana.”

“Sindinakane kwenikweni. Ndinachoka kuti andiitane.”

“Anakuitanani?”

Ndinapukusa mutu. Mayi Tembo anayang'ana khoma. Ndikanakonda akanandilalatira. M'malo mwake analankhula motsitsa kwambiri. “Faifi yiyazi nili mu nyumba, ba Banda. Mwana wanga anafunsiwa ku sukulu kuti amai ako basebenza chani, anakamba ati bayembekezela munthu wa makalata.” Anapukuta m'maso ndi chala chimodzi, n'kuweramuka. “Thezide tizabwelela pamozi. Ine nizakamba. Imwe muzankhala zii. Olo liu limozi.”

“Ngakhale moni?”

“Moni muzapeleka na mutu.”

Lachinayi

Tinakwera thiramu ana atangolowa m'kalasi. Iwo anali atavala suti yabuluu yosoka okha. Ine ndinali nditavala manyazi ndi jekete ya ukwati ija. Declan anatilandira mu ofesi yomwe ija, makina akulira kuseri kwa khoma. Anandipatsa moni, ine n'kugwedeza mutu. Anandifunsa ngati ndadwala pakhosi.

Mayi Tembo anayankha m'Chingerezi chawo chosakhota. “Sanadwale, bwana. Ndawaletsa ndine. Bamboyu ndi wa mumsika. Kwathu munthu akanena kuti akupita, ndiye kuti akukupemphani kuti mumuitane. Kampani ina imene anatchula kulibe. Ine sindinapemphe hafu naini, sindinapemphe za Lachisanu. Ndikufuna naini mpaka thuu. Suti ndavalayi ndasoka ndekha, mutha kuona mkati mwake.” Anavula jekete n'kuliyala pa tebulo, mkati muli kunja.

Declan anatenga jeketelo, kuyendetsa chala m'misoko, kukoka thumba, kuyang'ana mabowo a mabatani. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ankaseka osatulutsa mawu.

“Ndinakuonani pa windo,” anatero akundiyang'ana. “Nsapato ziwiri, kumanga katatu. Atsikana a pa makina ankafuna kukuitanirani ambulansi.”

Ndinatsegula pakamwa. Mayi Tembo anandiyang'ana. Ndinatseka.

“Musaganize kuti sindinamve zimene munkachita,” anapitiriza. “Bambo anga ankagulitsa ng'ombe m'misika ya kumadzulo kwa dziko lino. Ankachoka mokwiya kuposa inu, mpaka kuponya chipewa pansi. Koma kwathu wotsala saitana wochoka. Kuitana n'kugonja. Pamakhala munthu wachitatu amene amathamangira wochokayo, kumukoka mkono, kumubweza, n'kuwombanitsa manja a awiriwo kuti malonda atheke. Inu munachoka muli nokha. Ine ndinaima pa windo kudikira kuti akubwezani ndani, mpaka munakhota pa kona.”

Ndiye taganizani. Ine ndinkadikira kuitanidwa ngati ku Limbe, iye ankadikira kuti ndikokedwe ngati ku msika wa ng'ombe, tonse awiri akatswiri, ntchito ya munthu ili pakati ikunyowa.

“Ndawabweza ndine,” anatero Mayi Tembo. “Ndawakoka kuchokera ku Mulhuddart.”

Declan anasiya kuseka, n'kutiuza chimene ndinkachiopa. Ataona kuti sindinabwerere, analonjeza masiku awiri kwa mayi wina amene ankagwirapo kale ganyu, ndipo sakanabweza mawu ake. Otsala anali atatu, Lolemba mpaka Lachitatu, naini mpaka thuu. Ntchito ikachuluka chakumapeto kwa dzinja, adzaona.

Lilime langa linkachita kuyabwa. Ndinali ndi mayankho anayi okonzeka. Mayi Tembo anangofunsa ngati masiku atatuwo adzalembedwa pa pepala, ndipo atamva kuti inde, anatembenukira kwa ine. “Lamulo linilola kusebenza masiku yatatu osaluza vonse? Yankhani na mutu.” Ndinagwedeza kuvomera, chifukwa lamulolo linkalola wogwira masiku ochepa kulandirabe thandizo la masiku otsalawo.

“Ndalandira,” anatero.

Declan anati ngati tikuchita za ku msika wa ng'ombe tichite zonse, ndipo anakweza dzanja ngati akufuna kulavulirapo mmene ankachitira bambo ake. Mayi Tembo anati, “Malovu okha ayi, bwana, pali nsalu za eni ake.” Anagwira dzanja la Declan, anagwira langa, n'kuwawombanitsa mwamphamvu moti chala changa chinapweteka mpaka Loweruka. Kenako anapempha kuona makina amene azidzagwiritsa ntchito. Anakhala pansi, anasintha mpando, anayesa chopondera, n'kusoka mzere umodzi pa kansalu kotaya. Nkhope imene anali nayo pamenepo sindinaionepo pa munthu aliyense wolandira dolo, ngakhale pa galasi la m'bafa mwathu.

Masiku awiri aja anawataya chifukwa cha ine, ndipo anawapezanso itadutsa Pasaka. Miyezi inayi ya masiku atatu m'malo mwa asanu, umenewo ndiwo unali mtengo wa kapulayizi kanga, ndipo anaulipira ndi iwo, osati ine. Kuyambira pamenepo sindinalowenso mu ofesi ya bwana aliyense ndisanafunse mwini ntchito kuti, “Ndikafika pati ndiime?” Ndinkalemba yankho lake pa chikhatho.

Titafika pa siteji tsiku limenelo, mvula inali itakata. Anayang'ana wotchi n'kuona kuti ana awapeza bwinobwino. Anatulutsa masikono awiri m'chikwama, n'kundipatsa limodzi.

“Manje mungakambe, ba Banda.”

Ndinameza sikono, ndinakonza pakhosi. “Mayi, pepani kwambiri. Ndinalakwa.”

“Namvela.”

“Komatu pa masiku atatu paja, tikanangokanikiza pang'ono, ndikuona ngati Lachinayi likanatuluka.”

“Nkhalani zii futi.”

Ndinakhala chete mpaka ku Mulhuddart. Lolemba, naini koloko isanakwane, Mayi Tembo anali atakhala kale pa makina awo.